Kalata kwa achimwene a Jafali

Okondedwa achimwene a Jafali,

Kalata yanu yandipeza, ndipo ndathokoza kuti patapita nthawi yaitali chonchi mwakumbukira kuti muli ndi mnzanu kuno. Dandaulo langa loyamba n'lakuti zilembo zanu zikunka zichepera chaka ndi chaka, moti tsamba lachiwiri anachita kundiwerengera Grace, ndipo nayenso anaima kangapo kuti aganizire chimene mumafuna kunena. Inu amene munkabweza makope a ana chifukwa cha malembedwe oipa, lero mwafika pamenepa. Tonse tili bwino, kupatula a Mbewe amene bondo likuwavutabe, ngakhale kuti kutsutsa sanasiye monga mukuwadziwira.

Mawu amene andikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi akuti nthawi iliyonse mukamva kuti kwinakwake kwaphulika bomba kapena munthu wapha anthu mumsewu, musanayambe n'komwe kulira amene afawo, mtima wanu umayamba wapempha kuti wochita zimenezoyo asakhale ndi dzina lachisilamu. Mwalemba zimenezi ngati kuti mukuulula tchimo, koma ine sindikuona tchimo lanu pamenepa. Ndikuona munthu amene walandidwa ufulu wolira maliro ngati anthu ena onse, chifukwa akudziwa kuti kukacha, akakwera basi anthu amuyang'ana mosiyana ndi dzulo, ndipo ku ntchito anzake asiya kucheza iye akangolowa.

Za mnzanu wa ku ntchito amene anakufunsani chifukwa chake Asilamu sadzudzula zauchigawenga, mwati munamuyankha mofatsa n'kumusonyeza zimene mashehe ndi mabungwe anu akhala akulemba podzudzula. Ndikukuyamikirani chifukwa cha kuleza mtimako, koma ndikufuna mudziwe kuti funsolo palokha ndi mlandu. Munthu amene akulamulidwa kuti anene poyera kuti kupha ana osalakwa n'koipa ndiye kuti waikidwa kale m'gulu la anthu okayikiridwa, ndipo ngakhale atayankha bwino chotani, mawa likachitika tsoka lina adzafunsidwanso. Pa 22 Julayi 2011, Anders Breivik anapha anthu 77 ku Norway, ndipo ankanena kuti akuteteza Ulaya wachikhristu kwa Asilamu. Maola oyambirira anthu ambiri ankaganiza kuti achita zimenezo ndi Asilamu, koma zitadziwika kuti wakuphayo ndi mbadwa ya konko, nkhani inasanduka ya munthu mmodzi woipa mtima. Ine ndine Mkhristu, koma palibe anabwera kudzandifunsa ngati ndikugwirizana naye. Pa 15 Malichi 2019, munthu wa ku Australia anapha anthu 51 m'mizikiti iwiri ya ku Christchurch m'dziko la New Zealand pa nthawi ya mapemphero a Lachisanu, ndipo sindinamve wina akunena kuti anthu onse a ku Australia azisechedwa mwapadera pa mabwalo a ndege. Anachita bwino kusanena, chifukwa mlanduwo unali wa wakuphayo, koma chilungamo chomwecho n'chimene inu mukumanidwa.

Anthu amene analanda ndege n'kupha anthu ku America pa 11 Seputembala 2001 anali 19, pamene Asilamu pa dziko lonse ndi pafupifupi 2 biliyoni. Komabe malipoti a FBI, bungwe lofufuza milandu ku America, amasonyeza kuti milandu yochitira nkhanza Asilamu chifukwa cha chidani ku America inakwera kuchoka pa 28 m'chaka cha 2000 kufika pa 481 m'chaka cha 2001. Patangopita masiku anayi ndegezo zitalandidwa, ku Mesa m'chigawo cha Arizona, munthu wina anawombera ndi kupha Balbir Singh Sodhi pa malo ake omwetsera mafuta. Malemuwo sanali Msilamu n'komwe, anali Msikhi, wa chipembedzo china chochokera ku India, ndipo anaphedwa chifukwa cha ndevu ndi nsalu yakumutu. Nkhani imeneyi imandisonyeza kuti chidani choterechi sichifufuza zimene munthu amakhulupirira, chimangoyang'ana khungu, chovala ndi dzina. Zomwezi munaziona ndi maso anu ku England komwe muliko mu Julayi 2024, pamene ana aakazi atatu anaphedwa ku Southport, mphekesera n'kufala pa intaneti kuti wawapha ndi Msilamu wothawa kwawo amene anafika pa boti. Tsiku lotsatira anthu anakagenda mzikiti wa m'tauniyo, chonsecho wakuphayo anabadwira ku Cardiff, mzinda wa komweko ku Britain. Ndimakumbukiranso kuti anthu oyandikana ndi mzikitiwo anabwera kutacha kudzasesa ndi kumanganso mpanda umene unagumulidwa, ndipo amenewo sindikufuna kuti tiwaiwale.

Koma chimene chandisowetsa tulo ndi nkhani ya mwana wanu Yusufu, imene inu mwangoitchula m'mizere iwiri kumapeto kwa tsamba ngati nkhani yaing'ono. Mwati wapempha aphunzitsi ake kuti azimuitana dzina lina, ndiponso wakuuzani kuti mukabwera kudzamutenga musamamupatse salamu pa geti anzake akumva. Achimwene, imeneyi si nkhani yaing'ono. Mwanayu mu 2001 kunalibe, zimene zikuchitika m'mayiko akutali sanazione, koma waphunzira kale kuti dzina limene munamupatsa ndi chinthu choyenera kubisa. Anamuphunzitsa ndani? Sindikukhulupirira kuti pali munthu anamukhazika pansi n'kumuuza. Wazimva m'nthabwala za anzake, waziona pa nkhope za akuluakulu, wamva mmene mawu a amayi ake amatsikira akamalankhula m'sitima. Ndakhala ndikuganiza za iye usiku ndi usana, ndipo ndikuopa njira ziwiri. Mwina adzakula akudzibisa, n'kumachita manyazi ndi inu, ndi mpango wa amayi ake, ndi swala imene agogo ake ankapemphera mpaka tsiku la imfa yawo. Mwinanso tsiku lina adzatopa ndi kubisalako n'kudzaza mtima ndi mkwiyo, ndipo mnyamata wotere ndi amene zigawenga zimamufunafuna pa intaneti. Gulu la zigawenga la ISIS linalemba poyera mu 2015 kuti likufuna Asilamu okhala m'mayiko a azungu asowe pokhala, kuti akakanidwa ndi anansi awo athawire kwa ilo. Choncho aliyense amene amanyoza mwana ngati Yusufu chifukwa cha bomba limene sanaphulitse akugwirira ntchito anthu omwewo amene akuti akudana nawo. Chonde musamukalipire mwanayo chifukwa cha dzinalo, ndipo musamukakamize. Khalani naye pansi, mumufunse zimene zinachitika, mupitenso kukaonana ndi aphunzitsi ake. Mundilembere zimene ayankhe, ndipo musazifinyenso m'mizere iwiri.

Kalata yanu ndinawawerengerako a Mbewe, ndipo mundikhululukire ngati simunafune. Iwo anamva chisoni, koma anati anthu sangaimbidwe mlandu chifukwa chochita mantha, n'kuwonjezera kuti nsomba ikawola imodzi ndiye kuti zonse zawola. Ndinawayankha kuti mwambi umenewu ndi wochenjeza munthu kuti asamale khalidwe lake poganizira anzake, ndipo sunaperekedwe kuti woweruza azigwiritsa ntchito polanga osalakwa. Popeza iwo ndi mkulu wa mpingo, ndinawakumbutsa Ezekieli 18:20, pamene pakunena kuti mwana sadzasenza mphulupulu za atate wake. Ngati mwana sasenza za bambo ake omubereka, nanga munthu angasenze bwanji za mlendo amene sanamuonepo, wa dziko lina ndi chilankhulo china? Inu munandiuza kalekale kuti Kurani nayonso imaphunzitsa kuti palibe wosenza mtolo wa machimo a mnzake, ndipo ndinawauza zimenezo.

Iwo anapitiriza kuti apolisi ayenera kuyambira penapake pofufuza. Ndinawakumbutsa za ku Kenya, kumene zigawenga za al-Shabaab zinapha anthu 67 pa malo a masitolo a Westgate ku Nairobi mu 2013, ndipo mu Epulo 2014 apolisi anagwira anthu ambirimbiri a mtundu wa Chisomali ku Eastleigh mumzinda womwewo n'kukawasunga m'bwalo la masewera la Kasarani. Patangotha chaka, pa 2 Epulo 2015, anthu 148 anaphedwa pa yunivesite ya Garissa. Kugwira mtundu wonse sikunaletse tsokalo, ndipo ndikukhulupirira kuti kumachititsa anthu amene akanathandiza apolisi ndi uthenga kuyamba kuwaopa. A Mbewe sanavomere, koma anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti Yusufu ali ndi zaka zingati tsopano.

Chimene anthu ambiri safuna kumva n'chakuti zigawenga zimenezi zapha Asilamu ochuluka zedi. Ana oposa 130 amene anaphedwa pa sukulu ya ku Peshawar m'dziko la Pakistan mu Disembala 2014, anthu oposa 500 amene anafa ndi bomba ku Mogadishu m'dziko la Somalia mu Okutobala 2017, ndi anthu oposa 300 amene anaphedwa akupemphera mu mzikiti wa al-Rawda ku Sinai m'dziko la Egypt mwezi wotsatira, amenewa maliro awo analira ndi mabanja achisilamu. Ngakhale ku Cabo Delgado m'dziko la Mozambique, kumene nkhondo ya zigawenga inayamba mu 2017, ambiri mwa anthu amene athawa m'midzi yawo ya m'mphepete mwa nyanja ndi Asilamu. Munthu yemweyo akuthawa chigawenga, ndipo kumene wathawirako akumutcha chigawenga.

Anthu a mtima wabwino akafuna kukutetezani amakonda kutchula Lassana Bathily, mnyamata wa ku Mali amene anabisa makasitomala m'chipinda chozizira cha sitolo ya Ayuda ku Paris mu Januwale 2015, kapena mphunzitsi Salah Farah amene anakana kusiyanitsidwa ndi Akhristu pamene zigawenga zinaukira basi ya ku Mandera m'dziko la Kenya mu Disembala chaka chomwecho, n'kumwalira ndi mabala patapita mwezi. Ndimawalemekeza kwambiri anthu amenewa, koma mtima wanga sukhazikika akamatchulidwa ngati umboni. Kodi Msilamu ayenera kuyamba waika moyo wake pachiswe kuti aloledwe kukhala mnansi? Inu simunapulumutse munthu m'sitolo, mumangodzuka, kupita ku ntchito, kulipira msonkho ndi kulera ana anu, ndipo zimenezo n'zokwanira kwa munthu wina aliyense.

Simunandiuze chilichonse za mayeso a Amina, ngakhale kuti ndinafunsa m'kalata yapita ija, ndipo nambala ya foni imene munapatsa a Saidi sikugwira, moti akhala akundivutitsa ngati kuti ndine ndinailemba. Mayi Asiyatu akuti muwatumizire chithunzi cha ana, chachikulu, chifukwa chija munatumiza nkhope sizikuoneka.

Ndimafunanso kukulemberani za ku Sri Lanka, kumene pambuyo pa mabomba a Pasaka a mu 2019 masitolo ndi mizikiti zinaonongedwa, mpaka nduna zachisilamu zinatula pansi maudindo onse pamodzi, chifukwa pamenepo pali funso limene likundivuta, lakuti ngati anthu osalakwa avomera kuchoka pofuna mtendere, kodi amene anawaloza chala aja saganiza kuti... Pepala landithera ndipo dzanja latopa, ndidzapitiriza mukandiyankha. Moni kwa alamu.

Ine mnzanu,
Chikondi