Kalata yodandaula kwa Mkulu wa ofesi yowerengera ndalama ku Tete

Ulónguè, Angónia

Bwana Mkulu,

Kuyambira mwezi wa Juni ndakhala ndikuimba foni ku ofesi kwanu, ndipo yankho ndi limodzimodzi: "Bwana atuluka, akabwera akuimbirani." Mpaka lero foniyo sinalire. Ndaganiza zolemba kalata kuti mawa wina asadzanene kuti nkhaniyi sinamufike.

Faili yanga ili m'kabati mwanu, ndiye sinditaya nthawi kufotokoza kuti ndine yani. Ndine uja wa sitolo ya feteleza ndi mbewu pafupi ndi msika wa Ulónguè. Malonda atakula ndinayamba kulipira IVA (msonkho wa pa malonda), ndipo kontabilisita (wowerengera ndalama) amene ndikanamukhulupirira kuno kwathu sindinamupeze, n'chifukwa chake ndinatsikira kwa inu ku Tete. Inu nomwe munandiuza kuti ndizingotumiza mafatura (mapepala a zogula ndi zogulitsa) pa chapa (minibasi), ndalama ndizitumiza pa M-Pesa, zotsalazo ndikusiyireni. Sindinaphonyepo mwezi. Malipiro anu, IVA ya 16% ndi ndalama za INSS (bungwe la boma la penshoni ndi chithandizo cha antchito) za antchito anga anayi, zonse zinkapita pa nthawi yake, ndipo mauthenga ake ali m'foni mwanga.

Ndinadziwa kuti zinthu zavunda tsiku lomwe ndinapita ku ofesi ya msonkho, Autoridade Tributária, kukapempha certidão de quitação, chikalata chosonyeza kuti ndilibe ngongole ya msonkho. Ndinkafuna kupikisana nawo pa ntchito yopereka mbewu, ndipo popanda chikalata chimenecho sakulandira. Mayi amene anandithandiza analemba NUIT yanga, nambala yanga ya msonkho, pa kompyuta, n'kunditembenuzira kuti ndidzionere ndekha. IVA ya miyezi isanu sinaperekedwe. Modelo 22, fomu ya msonkho wa pachaka yomwe imayenera kulowa pofika pa 31 Meyi, kulibe. Pamwamba pake pali multa (chindapusa) ndi chiwongoladzanja chomwe chikukwerabe. Ntchito ya mbewu ija inandidutsa ndikuyang'ana.

Za INSS ndiye zimandisowetsa tulo. Mwezi uliwonse ndimadula 3% pa malipiro a antchito anga, ine n'kuwonjezerapo 4% yanga, kuti ifike pasanadutse pa 10 mwezi wotsatira. Mtsikana amene amakhala pa kauntala ali woyembekezera. Atapita kukafunsa za chithandizo cha uchembere anauzidwa kuti ndalama zake za miyezi imeneyi sizikuoneka. Anabwerera kusitolo osalankhula, n'kungoyika kapepala patebulo langa. Iyeyo akuganiza kuti ndinadya ndine, ndipo sindingamuimbe mlandu, poti amene anamudula ndalamazo ndi ine. Bambo ake ndimapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Ndiwauza chiyani?

Ndabwera ku ofesi kwanu katatu. Mwina inu okhala mumzinda simudziwa kuti ulendo umenewu umatanthauza chiyani. Ndimadzuka usiku kukuzizira, kutseka sitolo tsiku lonse, kukwera chapa makilomita oposa 200 kudzera pa Mussacama ndi Moatize, n'kuwoloka Zambezi dzuwa la ku Tete litayamba kale kuwotcha. Ulendo woyamba ndinapeza loko pachitseko, tsiku lomwe munandipangira nokha. Wachiwiri ndinakhala pa benchi kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko, kenako anandiuza kuti sisitemu yagwa, ndipite ndidzabwerenso.

Wachitatu ndi umene wandilembetsa kalatayi. Mnyamata wa patebulo loyamba, wamsinkhu wa mwana wanga wachiwiri, sanadzutse n'komwe mutu pa foni yake pomwe ndinamupatsa moni. Nditayala mapepala a ku Finanças, ofesi ya msonkho ija, patsogolo pake, anawakankha ndi chala mpaka ena anagwera pansi. Kenako anatembenukira kwa mnzake n'kunena m'Chipwitikizi kuti awa ndi aja a mbatata a ku Angónia, amaganiza kuti msonkho ndi ngati kuyeza chidebe pamsewu. Onse awiri anaseka. Ankayesa kuti sindikumva. Chipwitikizi ndinachiphunzira iye asanabadwe. Nditamufunsa kuti ndalama zanga zinapita kuti, anandiyankha kuti: "Iwe madala, ngati sukukhutira kapeze wina, akontabilisita ndi ambiri." Anandinena kuti iwe, pamaso pa anthu ena atatu amene ankadikira. Ndinawerama n'kutola mapepala anga pansi ndekha, manja akunjenjemera, ndipo panalibe ngakhale mmodzi wa antchito anu amene ananyamuka.

Mbatata yomwe amainyozayo ndi imene alimi a kuno amagulitsa kuti adzagule feteleza kwa ine, ndipo m'menemo ndi momwe ndinkatenga ndalama zokulipirani mwezi ndi mwezi. Mumuuze zimenezo.

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine ndadekha miyezi inayi ndipo chimene chakula ndi multa basi. Tsopano ndikufuna mundibwezere mafatura ndi mabuku anga onse, pamodzi ndi nambala yachinsinsi yolowera mu e-Tributação (sisitemu ya msonkho ya pa intaneti) yomwe mwakhala mukuisunga ngati yanu. Ndalama za IVA ndi za INSS zomwe ndinakutumizirani mukazipereke kumene zinayenera kupita, ndione malisiti ake ndi maso anga. Multa ndi chiwongoladzanja mulipire ndinu, chifukwa wochedwa si ine. Mundilemberenso nambala imene kontabilisita wosainira mabuku anga analembetsedwa nayo ku OCAM, bungwe la akontabilisita. Ndinaifunsa tsiku loyamba, munati mudzanditumizira, ndipo mpaka pano sindinaione.

Ndikukupatsani masiku 15 kuchokera tsiku lomwe mulandire kalatayi. Akatha popanda kanthu, ndikasuma ku OCAM, bungwe lomwe lamulo la 2012 linakhazikitsa kuti liziyang'anira ntchito yanuyi, ndipo mauthenga a M-Pesa ndikawatula kwa loya. Amalonda awiri a ku Dómuè amene ndinawabweretsa kwa inu ndawauza kale kuti apite ku Finanças akaone ngati zawo zili bwino. Ndalankhulanso ndi kontabilisita wina ku Moatize, akungodikira mabuku.

Ulendo wachinayi sindibwera. Mapepala anga muwatumize kuno pa chapa, monga momwe ine ndinkatumizira kwa inu.

Ine wodandaula,
Mwini sitolo ya feteleza ndi mbewu, Ulónguè