Ofufuza azibwera kudzatiuza zomwe apeza m'magazi athu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa mantha omwe ena kuno ku Mzuzu amakhala nawo akamva kuti ofufuza za matenda akutenga magazi. Mpaka lero m'minibasi mumamvabe wina akulumbira kuti magaziwo amakagulitsidwa kunja, wina n'kuyambitsanso za anamapopa.

Komatu mankhwala a malungo amene tikumwa lerowa anadzera m'timadontho ta magazi omwewo. Kadontho ka pachala amakapaka pakagalasi, n'kuthirapo utoto, ndipo wa mulabu amawerenga tizilombo pamakina oonera zinthu zing'onozing'ono. Amawerenga wodwala asanamwe mankhwala, n'kudzawerenganso pakapita masiku. Tizilombo tikapanda kutha, ndiye kuti mankhwalawo afooka. Umboni wotere ndi umene unachititsa dziko lino kusiya chloroquine mu 1993 n'kuyamba Fansidar, kenako LA mu 2007. Akanangodalira zomva m'makutu, bwenzi ana ambiri atapita.

Ife a kumpoto ntchitoyi si yachilendo. Ku Chilumba, m'boma la Karonga, kafukufuku wa khate anayamba mu 1979, pambuyo pake nafikanso pa chifuwa chachikulu ndi HIV. Pa yunivesite ya Mzuni pomwepa ana athu akuphunzira sayansi ya mulabu.

Koma nawonso ofufuza asamangotenga n'kusowa. Chikalata chachingerezi chomwe gogo wadindapo chala sichimuuza kanthu. Akamaliza ntchito abwererenso, aitanitse mafumu, apite pawailesi, afotokoze m'Chitumbuka ndi m'Chichewa zomwe anapeza, komanso kuti magazi otsala anapita nawo kuti.

Wowerenga wanu,
Chibavi, Mzuzu