Mbewu za ku Msekera zifike kumudzi

Akonzi,

Chilala cha 2024 chinaumitsa chimanga changa chisanabereke. Mbali imene ndinasiya mapesi pansi n'kubzala mitengo ya gliricidia ndiyo inatipatsako chakudya, chifukwa nthaka yake inasunga chinyezi.

Ku Msekera, malo ofufuzira za ulimi pafupi ndi Chipata pomwepa, akatswiri anatulutsa mbewu ya mtedza ya MGV4 ndi MGV5. Mtedza umabwezera chonde m'nthaka, ndipo ana amadya phala lotendera. Koma ambiri kwathu kuno timabzala wobwereza chaka ndi chaka, mpaka watopa.

Tikakamba za FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi ndi feteleza ndi mbewu, pakamwa pathu pamangotuluka feteleza. Feteleza wopanda mvula amathandiza ndani? Ndikupempha boma kuti mbewu zimenezi zizifika m'makoparetivu mu Okutobala, mvula isanagwe, ndiponso alangizi apatsidwe mafuta a njinga zamoto kuti azitiyendera m'minda.

Mlimi wa ku Katete