Lipoti la msonkhano wa makochi a baseball: zaka 40 za Mike Martin

A wapampando ndi makolo anzanga nonse, ndikupereka lipoti la msonkhano wa makochi ndi makolo a ana osewera baseball umene munanditumako. Za malamulo a chitetezo pabwalo ndi za ndalama zolembetsera ndazilemba padera ndipo ndazipereka kwa alembi. Pano ndikufuna ndikambe gawo limene tinakhalitsapo, lonena za ntchito ya malemu Mike Martin, kochi wa timu ya Florida State University ku Tallahassee.

Martin anabadwa mu 1944 ku Charlotte, North Carolina. Sanayambire pa yunivesite yotchuka ayi. Anayamba kusewera ku Wingate, imene nthawi imeneyo inali koleji ya zaka ziwiri, kenako anasamukira ku Florida State komwe anasewera mu 1965 ndi 1966. Atayesako mwayi m'matimu ang'onoang'ono a New York Mets ndi Detroit Tigers, anabwerera ku Tallahassee n'kumaphunzitsa ana asukulu basketball. Mu 1975 analowa ntchito ngati wothandizira kochi, ndipo kochi wamkulu Dick Howser atachoka kupita kukatsogolera New York Yankees, Martin anatenga mpando mu 1980.

Anakhalapo mpaka 2019. M'zaka 40 zimenezi anapambana masewero 2,029, ndipo palibe kochi wina wa baseball ya m'makoleji amene anafikapo pamenepo. Augie Garrido, amene ankatsogola ndi 1,975, Martin anamudutsa mu 2018. Chaka ndi chaka timu yake inkapambana masewero osachepera 40, chaka ndi chaka inkalowa mu mpikisano wa NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji ku America. Anthu ankangomutchula kuti Eleven, potengera nambala ya jezi yake.

Koma chikho cha dziko lonse sanachigwirepo. Anatengera timu yake ku College World Series, mpikisano wolimbirana chikhochi umene umachitikira ku Omaha, Nebraska, maulendo 17, ndipo kawiri anafika mu ndime yomaliza: mu 1986 anagonja kwa Arizona, mu 1999 anagonja kwa Miami ndi 6-5. Apa m'pamene mkangano unabuka m'chipindamo. Ena ankati kochi wopanda chikho ndi wolephera basi, ngakhale atapambana kangati. Ine ndinatsutsa, ndipo ndikutsutsabe. Kholo limene likupereka mwana wa zaka 18 kwa kochi liyenera kuyamba lafunsa ngati munthuyo adzakhalapobe pamene mwanayo akumaliza sukulu, komanso ngati ali ndi diso loona zimene mwanayo angathe.

Za diso limeneli taonani Buster Posey. Mnyamatayu anabwera ku Florida State akusewera pa shortstop, malo a pakati pa base yachiwiri ndi yachitatu, ndipo ankasewera bwino ndithu. M'chaka chake chachiwiri makochi a Martin anamusamutsa n'kumuika pa catcher, malo ovuta aja onjutira kumbuyo kwa womenya mpira, chigoba chili kumaso, mawondo akupweteka. Mu 2008 anasankhidwa kukhala wosewera wabwino koposa mwa osewera onse amene sanalowe ligi yolipidwa, San Francisco Giants inamutenga, ndipo anadzapambana nayo World Series, chikho cha ligi yaikulu yolipidwa, katatu, mu 2010, 2012 ndi 2014. Chikho chimene chinamuzemba Martin ku Omaha sichichotsa kanthu pa ntchito imeneyi.

Atapuma, mpando unapita kwa mwana wake, Mike Martin Jr., amene anachotsedwa mu 2022. Bamboyo anamwalira mu February 2024.

Chimene ndikupempha kuti tikambirane n'chakuti ambirife timangoyang'ana mayunivesite akuluakulu, mwana akapanda kuitanidwa kumeneko timaona ngati zathera pomwepo. Kwa zaka zambiri timu ya baseball ya Division I, gawo lapamwamba la NCAA, inkaloledwa ndalama za maphunziro zokwanira osewera 11.7 okha, pa timu ya anyamata oposa 30, choncho ngakhale amene aitanidwa ambiri ankalipira okha gawo lalikulu la fizi. Malamulowa asintha posachedwapa, ndiye aliyense afunse bwino pa koleji imene mwana wake akufuna. Koleji ya zaka ziwiri fizi yake ndi yotsika, ndipo ndi njira imene Martin mwiniyo anadzera.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu ukubwerawu tiitane kochi wa koleji ya zaka ziwiri ya kufupi kuno adzalankhule ndi ana athu a kusekondale, ndipo makolo tibwere ndi mafunso olemba kale. A wapampando mukavomereza, kalata yomuitana ndilemba ndine.