Dandaulo pa mbewu ya anyezi ndi mababu a iris omwe munandigulitsa mu Epulo

Kwa a Manijala,

Kalatayi ndailemba m'Chichewa mwadala. Ndikudziwa kuti eni nazale yanu ndi a kwathu, ndipo n'chifukwa chake ndinkasiya masitolo akuluakulu ali pakhomo pompano ku Randburg n'kumakwera matakisi awiri kubwera kwanu ku Muldersdrift. Ndinkati ndalama ya a dona anga izigwera m'thumba la Mmalawi mnzanga. Lero ndikamakumbuka zimenezo ndikuchita manyazi.

Foni ndaimba kasanu. Kawiri inangoitana, kamodzi anati muli pa msonkhano, kawiri anati mundiimbira, ndipo ndikudikirabe. Zimene ndinagula pa 12 Epulo zili m'kompyuta mwanu, sindizibwereza. Lisiti ndili nalo.

Za anyezi wa masamba sindichulutsa, chifukwa ngakhale mwana wa sukulu amamulima. Njere imamera pakatha sabata imodzi kapena awiri, miyezi iwiri kapena itatu mwayamba kuzula, ndipo chisanu cha kuno cha mu Juni sichimupha. Ine ndinafesa pabedi lothira kompositi, n'kumathirira m'mawa uliwonse. Masabata atatu, pabedi panali mbee. Ndinayamba kudzikayikira ndekha, choncho ndinawerenga njere 50, kuzikulunga m'kansalu konyowa n'kuika pofunda. Zinamera zitatu. Apo m'pamene ndinamatula sitika ya mtengo pa paketi, ndipo pansi pake ndinapeza deti lomwe linadutsa zaka ziwiri zapitazo. Aliyense wogulitsa mbewu amadziwa kuti njere ya anyezi sikhalitsa ngati ya nyemba, ikangodutsa chaka imayamba kufa. Amene anamata sitikayo pamenepo ndendende ankadziwa chimene akubisa. Dothi musalinamizire: ndinatola timizu ta anyezi wa masamba tomwe a dona anadula kukhitchini, kutibzala pabedi lomwelo, ndipo sabata isanathe tinaphukira.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi maluwa aja. A dona ankafuna iris waufupi, uja amati Iris reticulata, woti akhale m'mapoto osaya pa masitepe a kukhonde. Duwa limeneli limangofika masentimita 10 mpaka 15, ndipo limatuluka chisanu chikamatha, kapinga wa Johannesburg akadali wofiira ndi kuuma, dimba lonse lilibe choonetsa. Ndi ntchito yake imeneyo. Babu lake, kamutu konga ka anyezi komwe timabzala, ndi laling'ono, khungu lake lolukana ngati ukonde. Omwe munandipatsa anali okulirapo, khungu losalala. Ndinafunsa pomwepo pa kauntala, mtsikana wanu n'kundiyankha kuti, "Ndi omwewo bambo, chaka chino angonenepa." Ndinaseka naye, osadziwa kuti woseketsa ndine.

Pa mababu 40, nditatsegula thumba kunyumba, 11 anali ofewa, a nkhungu yobiriwira. Otsalawo ndinawabzala monga kumafunikira: masentimita 8 mpaka 10 pansi, dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, timiyala pansi pa poto. Duwali kwawo ndi kumapiri a Turkey ndi Iran kumene dzinja lake limazizira ndipo nyengo yotentha kumauma, ndiye kuno kumene mvula imagwa kuyambira Okutobala timalibzala m'mapoto kuti likatha maluwa tikalibise pouma lisaole. Ndikunena izi kuti muone ngati ndine munthu wosadziwa ntchito, monga ananenera mnyamata wanu wa pa kauntala.

Pofika mu Julayi masamba anali atafika m'mawondo, duwa ayi. Mphepo ya Ogasiti itayamba, zonse zinagwa chagada pa masitepe ngati chimanga chofesa mothinana. A dona anali ataitana alendo pa tchuthi cha pa 9 Ogasiti, ndipo ndinachita kubisa mapotowo kuseri kwa galaja. Tsopano mu Seputembala muno ndi pamene achita maluwa, ndipo ndi Dutch iris, wa masentimita 60, uja amadula n'kuika m'mabotolo patebulo. Wokongola, inde. Koma mukatuma mwana mchere n'kubwera ndi shuga, simuthira m'ndiwo chifukwa choti ndi wotsekemera.

Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, choncho ndabwera kwanu katatu. Mu Meyi anati bwana kulibe. Mu Julayi anati ndikatenge paketi, zomwe akanatha kundiuza pafoni. Ulendo uliwonse ndi matakisi anayi kupita ndi kubwera, ndipo ndi Loweruka, tsiku lomwe ndimagwira ganyu ya kapinga ku Northcliff. Ndalama ya masiku amenewo ndani andibwezere?

Ulendo wachitatu, pa 6 Seputembala, ndinanyamula paketi, lisiti, ndi poto mmodzi wa maluwawo pamiyendo m'takisi, anthu akundiyang'ana. Pa kauntala panali mnyamata wovala zomvera m'makutu. Ndinamumva ndi makutu anga akucheza pafoni Chichewa chosalala, koma nditamupatsa moni anandiyankha m'Chingerezi ngati wabadwira ku Sandton. Ndinapirira. Nditamuonetsa deti la pa paketi sanayang'ane n'komwe. Kenaka Chichewa chinabwerera mwadzidzidzi, akuti, "Madala, vuto lanu anthu a m'magaladeni mumathira madzi ngati mukuthirira mpiru kudimba. Mwaononga nokha." Ndinamufunsa kuti kodi madzi amasandutsa duwa lalifupi kukhala lalitali? Iye anaseka, n'kutembenukira kwa mzimayi wachizungu amene anali kumbuyo kwanga, uku akundiuza cham'mbali kuti, "Akabwere a madamu anu eni ake, iwowo ndiye timvana nawo."

A Manijala, mwanayo ndi msinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Ine ndagwira dothi la Joni zaka 14, ndaona matalala akuphwanya maluwa a chaka chonse m'mphindi khumi, ndadzuka usiku kukafunditsa mbande chisanu chikugwa. Ndalama ya mababu amenewa a dona anaipereka m'manja mwanga chifukwa amandikhulupirira, ndipo mwezi wonse wa Ogasiti akhala akundiyang'ana ngati ndinagula zotchipa n'kudya chenji. Sananene, koma munthu umaona. Inuyo mukudziwa bwino kuti ntchito ya mlendo kuno imatha pa kanthu kochepa kuposa apa. Ndiye wa kwathu yemwe azindiuza kuti mawu anga sakwana mpaka pabwere mzungu? Kodi ndi zimene mumawaphunzitsa, kapena anabwera nazo yekha?

Ndafunsa, ndipo ndauzidwa zimene lamulo la dziko lino, Consumer Protection Act ya 2008, limanena: katundu akapezeka wolakwika miyezi 6 isanathe, wogula ali ndi ufulu womubweza, ndipo amene amasankha pakati pa kusinthitsa ndi kulandira ndalama ndi wogulayo, osati sitolo. Miyezi yanga 6 ikutha pa 12 Okutobala. Ndayamba kuganiza kuti "tikuimbirani" wanu uja akudikira tsiku limenelo.

Ndikufuna ndalama yonse ya mbewu ndi mababu ibwezedwe. Musanditumizire mababu ena pano, chifukwa iris waufupi amabzalidwa mu Malichi kapena Epulo, chaka chino chapita basi. Ndikufunanso kalata yaifupi m'Chingerezi, yosainidwa ndi inu, yonena kuti nazale yanu ndi imene inapereka mababu olakwika, kuti ndikawaonetse a dona. Kwa ine kalatayo ikuposa ndalamazo. Ndipo mapaketi omata masitika aja muwachotse pashelefu, wina asakafese mpweya ngati ine.

Pakafika pa 30 Seputembala ndisanamve kanthu, ndikapereka dandaulo ku bungwe la boma loteteza ogula, National Consumer Commission, ndipo zithunzi za paketi ija ndiziponya pa gulu lathu la WhatsApp la Amalawi ogwira ntchito m'magaladeni, kuyambira Cosmo City mpaka Fourways. Ambiri mwa iwo ndinawalozera kwanu ndine, ndipo nazale mumsewu wa Beyers Naudé si yanu yokha.

Poto uja ndinamusiya pa kauntala panu. Mumuuze mnyamatayo atenge tepi amuyeze, aone ngati ali masentimita 15.

Ine kasitomala wanu wa zaka zinayi,
wosamalira dimba ku Randburg