Dandaulo kwa maloya amene akuyendetsa nkhani ya mwana wathu

Ndikulemba pa tsamba lanu la Facebook chifukwa makalata anayi amene ndatumiza ku ofesi yanu sanayankhidwe, ndipo mauthenga anga a pa WhatsApp amaonetsa kuti awerengedwa koma palibe amene amabweza mawu.

Mng'ono wanga anamwalira ku Chilobwe mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, ndipo anasiya mwana wamkazi amene bambo ake anali atatisiya kale. Ine ndi amuna anga timakhala ku Leicester, ku Britain, ndipo tikufuna kumutenga mwanayo kuti akhale wathu mwalamulo. Kwathu mwana wa mng'ono wako ndi wako ndithu, ndipo iye amanditchula kuti amayi aakulu, koma lamulo la ku Britain sililola munthu kulowetsa mwana m'dziko kuti akhale wake popanda kutsata ndondomeko, ndipo kutero ndi mlandu. Monga banja lopemphera, sitinafune njira zachidule zimene ena anatinong'oneza. Tinalola kufufuzidwa: ofufuzawo anabwera kunyumba kwathu kangapo, anaona mbiri yathu kupolisi, anatipima kuchipatala, abusa athu analemba umboni, mpaka Department for Education, yomwe ndi unduna wa zamaphunziro kuno, inatipatsa chikalata chotivomereza.

Chimene chinatsala ndi mbali ya ku Malawi, ndipo ndiyo tinaipereka m'manja mwanu. Tsiku loyamba munatifotokozera bwino kuti pempho limapita ku High Court, kuti khoti limasankha mkulu wa zachisamaliro cha anthu woti aimire mwana ndi kulemba lipoti, ndiponso kuti kukhala kwathu kunja sikudzatitsekera khomo, popeza Supreme Court of Appeal inagamula mu 2009 kuti chofunika kuposa zonse ndi ubwino wa mwanayo. Tinakukhulupirirani, tinalipira ndalama zonse zimene munatchula. Papita miyezi 18, koma mpaka lero simunatipatse ngakhale nambala ya mlandu.

Sindikunena kuti nkhani ya mwana ithamangitsidwe. Ndikudziwa kuti khoti liyenera kusamala, chifukwa alipo anthu amene amazembetsa ana. Chimene chikundiwawa ndi chakuti sitikudziwa ngati pempho lathu linafika n'komwe kukhoti, kapena likadali mu kabati ya mu ofesi yanu.

Mwezi watha munaitanitsa mayi anga kuti adzasaine mapepala. Iwo ndi okalamba, miyendo imawavuta, koma analawirira m'mamawa kuchokera ku Thyolo pa minibasi, mwana atajomba kusukulu kuti awaperekeze. Anakhala pa benchi la pakhonde panu kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa kupendeka, osadya kanthu, kenako mlembi wanu anawauza kuti loya wapita ku Lilongwe, adzabwerenso tsiku lina. Usiku umenewo mwanayo anandifunsa pa foni ngati tasintha maganizo. Ndinasowa chomuyankha.

Kuchedwaku kukutidyeranso kuno. Chivomerezo chathu chimaunikidwanso chaka ndi chaka malinga ngati mwana sanabwere, choncho mafunso amene tinayankha kale tikuwayankhanso kachiwiri. Jekete limene tinamugulira la nyengo yozizira lamuchepera asanalivale n'kamodzi komwe. Ku tchalitchi kwathu dzina lake limatchulidwa m'mapemphero Lamulungu lililonse, ndipo amayi a chigwirizano asiya kundifunsa za iye poopa kundiliza. Kudikira pa Mulungu tikukudziwa ndipo sitikutopa nako, koma inu tinakulipirani kuti mugwire ntchito.

Ndikupempha kuti pasanathe masiku 14 mutitumizire nambala ya mlandu, kope la pempho lokhala ndi chidindo cha khoti, ndi malisiti a ndalama zimene tinapereka. Ngati pempholo simunalipereke, tiuzeni zoona, mutibwezere failo yathu ndi ndalama zotsala kuti tipeze loya wina. Masikuwo akatha muli chete, ndidzakatula dandaulo ili ku Malawi Law Society pamodzi ndi makalata onse amene ndasunga.