Tiuzeni zimene aphungu athu amachita kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzipepala yanu ndidandaule za mmene ife ovota, pamodzi ndi inu atolankhani, timayezera ntchito ya phungu wa Nyumba ya Malamulo. Kuno kumudzi phungu wabwino ndi amene wagula bokosi, watumiza galimoto kukatenga thupi kumochale, kapena walipirira fizi mwana wa uje. Zimene amachita ku Lilongwe mkati mwa sabata, zomwe ndiyo ntchito tinamulembera, palibe amazifunsa ndipo palibenso amatiuza.

Ndakhalapo m'komiti ya chitukuko ya kwa mfumu yaikulu, ija timati ADC, choncho khomo la phungu Loweruka m'mawa ndimalidziwa. Dzuwa lisanatuluke njinga zimakhala zitatsamira kale kumpanda. Pakhonde pali mayi amene wamangirira kalata ya kusukulu pansonga ya chitenje, mnyamata wa timu ya mpira wofuna mayunifomu, nthumwi ya amfumu yodzanena zovuta, ndi akuluampingo amene denga la tchalitchi chawo linasasuka ndi mphepo. Aliyense mawu ake ndi amodzimodzi: “Bwana, mutiganizire.” Mwini khomoyo wafika usiku kuchokera ku Lilongwe. Masana akhala ali pasiwa, madzulo kuchinkhoswe, mawa lake ku Pepa Sande, ndipo konseko sapita chimanjamanja.

Sindikunyoza opemphawo. Umphawi umawawa, ndipo maliro sadikira bajeti. Koma taganizirani munthu amene malipiro ake athera m'mabokosi ndi m'zipepeso, n'kubwerera ku Lilongwe Lolemba ali ndi ngongole kubanki ndi kwa akatapila. Mukamuika m'komiti yolondoloza ndalama za boma, maso ake adzakhala pa alawansi ya msonkhanowo, osati pa lipoti lokhuthala la mkulu wofufuza mabuku a boma limene lili patsogolo pake. Phungu wotere tamuumba ndife.

Chonsecho ku Lilongwe n'kumene kumaphikidwa zimene zimatipweteka kapena kutipepuza. Nyumba ikamakumana pamakhala nthawi yofunsa mafunso nduna, pamakhala mabilu (malamulo amene akufuna kukhazikitsa) a boma, ndipo Lachinayi ndi tsiku limene aphungu wamba amabweretsa mfundo ndi mabilu awoawo. Nyumba ikatsekera, makomiti amapitiriza: ya bajeti, ya zamalamulo, yolondoloza ndalama za boma, yovomereza anthu osankhidwa m'maudindo akuluakulu, ndi ena oona za ulimi, umoyo ndi maphunziro. Ambiri tikukumbukira za mu Meyi 2021, pamene komiti yovomereza maudindo inakana mayi Martha Chizuma kukhala mkulu wa bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB. Dziko litachita phokoso, patangopita masiku ochepa komiti yomweyo inawavomereza. Sabata imeneyo Amalawi tinadziwa kuti m'tizipinda ta makomiti mumachitika zazikulu. Nanga masabata ena onsewa, amene sitimva kanthu, mumachitika zotani?

Kuyambira mu 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, kotero bajeti imakambidwa cha mu Febuluwale ndi Malichi, nthawi imene ife kuno tili pakati pa njala, mtima uli pa chimanga cha m'munda. Ndi m'masabata amenewo pamene aphungu amagawikana m'magulu kuti aunike ndalama za unduna uliwonse. M'menemo ndi mmene mumadziwika kuti alimi angati agula feteleza wotsika mtengo, kuti zipatala za m'maboma zilandira zingati za mankhwala, kuti aphunzitsi atsopano alembedwa kapena adikiranso chaka china. Mu 2020 gawo la malipiro losadulidwa msonkho linakwera kuchoka pa K45,000 kufika pa K100,000 pamwezi, ndipo aphunzitsi anzanga amene anali akadali pantchito anaziona pa pepala la malipiro. Malamulo a malo a mu 2016, amene mpaka lero amautsa mkangano pabwalo la amfumu, anadutsa m'Nyumba yomweyo. Kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, kotseka mpata woti mwana wosakwana zaka 18 akwatiwe, kunachitikanso momwemo. Kodi aphungu a kwathu ananenapo chiyani pa zonsezi? Analipo n'komwe? Funsani pamsika uliwonse, simupeza woyankha.

Chimene chinasokoneza kwambiri mitu yathu ndi thumba la CDF, la ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu aliyense, lomwe linayamba mu 2006. Linabwera pa nthawi imene dziko linalibe makhansala, pakuti kuyambira 2005 mpaka 2014 mipando yawo inali yopanda anthu. Zaka zonsezo anthu anazolowera kuti mjigo, mlatho ndi buloko ya sukulu ndi za phungu. Mu 2010 lamulo la maboma aang'ono linasinthidwa kuti aphungu azivota nawo m'makhonsolo. Makhansala atabwerera anapeza mpando wawo wakhalidwa kale, ndipo m'madera ambiri phungu ndi khansala akhala akuponderezana ngakhale ali a chipani chimodzi.

Ndinaonapo buloko ya makalasi awiri imene inaima pa mawindo kwa zaka, njerwa zikusungunuka ndi mvula, mbuzi zikugona mkati. A komiti tikafunsa kukhonsolo ankati funsani olemekezeka, tikafunsa olemekezeka ankati kontilakitala anathawa, ndipo kontilakitalayo aliyense ankadziwa kuti ndi wachibale wa mmodzi wa anyamata oyenda ndi bwana. Panalibe kokadandaula, chifukwa amene amayenera kukafunsa za ndalamazo ku Lilongwe ndi yemweyo anasankha womanga. M'kalasi sitinkalola mwana kudzichongera yekha mayeso ake. N'chifukwa chake ndinagwirizana ndi chigamulo cha khoti mu Meyi 2025, pa mlandu umene linakasuma bungwe la makhonsolo la MALGA, choti aphungu kuyendetsa nawo thumbali ndi kuvota m'makhonsolo n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Ndikudziwa kuti aphungu ambiri, a mbali zonse, chigamulochi sichinawakomere. Pa nkhani ya thumba ili ndi pokhapo pamene a boma ndi otsutsa amayimba nyimbo imodzi.

Apa sindikunena kuti phungu aiwale dera lake. Mlatho wokokoloka ndi nkhani yake ndithu, koma chida chake ndi pakamwa ndi cholembera, osati thumba la simenti. Ndimamvetsera nthawi ya mafunso pawailesi, ndipo aphungu ambiri amangoti kodi anduna angaganizireko zomanga chakuti kwathu. Nduna imaimirira n'kuyankha kuti zichitika ndalama zikapezeka, onse n'kukhala pansi, nkhani yatha. Funso lenileni likanakhala lakuti ndalama zimene Nyumba ino inavomereza chaka chatha za msewu wakuti zinapita kuti, analandira ndani, ndipo wagwira ntchito yotani. Kuti munthu afunse chotero ayenera kuwerenga mabuku a bajeti, kupita kukhonsolo kukaona mapepala, kukhala pansi ndi a zaumoyo ndi alangizi a zaulimi. Imeneyo ndi ntchito ya masiku, ndipo siiwomberedwa m'manja pamaliro.

Palinso vuto la chiyankhulo. Zokambirana za m'Nyumba zimachitika m'Chingelezi, ndipo malamulo amafuna kuti woimira pa mpando wa phungu azitha kuchiyankhula ndi kuchiwerenga. Buku la Hansard, mmene mumalembedwa mawu onse oyankhulidwa m'Nyumbamo, lilinso m'Chingelezi. Ngakhale zokambiranazo ziulutsidwe pawailesi kapena pa Facebook, agogo amene anaima pamzere kuyambira mbandakucha kuti avote samvapo kanthu. Chimene chimawafika ndi kakanema ka pa WhatsApp ka aphungu akulozana zala kapena wina akuwodzera.

Tikumbukirenso kuti gawo 64 la malamulo aakulu, limene linkapatsa ovota mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, aphungu analichotsa mu 1995. Chatsala m'manja mwathu ndi voti ya kamodzi pa zaka zisanu. Timaigwiritsa ntchito mwaukali, moti pa zisankho zambiri aphungu oposa theka sabwerera, koma timagwetsa tili m'chimbulimbuli. Wakhama wa m'komiti amene sanagule mabokosi okwanira amagwa, wogawa ndalama amene sanatsegulepo pakamwa m'Nyumba amadutsa. Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 mipando inakwera kuchoka pa 193 kufika pa 229. Ndi anthu ambiri odya misonkho yathu kuti tizingowayeza ndi chipepeso.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, nali. Nyumba ikamakumana, tipatseni tsamba limodzi sabata iliyonse, m'Chichewa, ndipo ngati n'kotheka m'Chitumbuka ndi m'Chiyao momwe, lonena kuti phungu wa dera lakuti anapezeka masiku angati, anafunsa chiyani, anayankhidwa zotani, ali m'komiti iti, ndipo pamene anavota poitana maina iye anaima mbali iti. Kaundula wa opezeka alipo, Hansard ilipo, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma lakhala likugwira ntchito kuyambira mu 2020. Mawailesi a m'madera akhoza kumawerenga tsambalo madzulo, ndipo phungu wodzidalira akhoza kumabwera yekha Loweruka, theka la ola, kudzayankha mafoni a anthu ake.

Mwina munena kuti aphungu 229 sangakwane patsamba limodzi. Yambani ndi boma limodzi pa sabata, muzizungulira. Kuno ku Ntcheu sitingakane kukhala oyamba.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Ntcheu